Bawuti ya M6 imene inasintha mmene ndimasankhira torque wrench

Bawuti ija sinalire pothyoka. Ndinali nditamaliza kuyeza mavalavu a njinga yanga yamoto, ndipo chinatsala n'kubwezera chivundikiro cha pamwamba pa injini basi. Bawuti yoyamba inalowa bwino, yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu dzanja linangomva kuti mpini wapepuka mwadzidzidzi, ngati chitsulo chasanduka phula. Nditazula soketi, mutu wa bawuti unabwera nayo. Thunthu lake linatsala m'kati mwa aluminiyamu, litadukira pansi penipeni pomwe palibe chida chingagwire.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sindinkamanga mwachisawawa. M'manja mwanga munali torque wrench, sipanala ija imene umaitchera pa nambala ya mphamvu yomwe ukufuna, ndipo ukafikapo imakuuza. Ndinaigula dala kuti zoterezi zisadzandichitikire. Buku la njingayo linkati mabawuti amenewo amangidwe pa 10 Nm (ma newton-mita, muyeso wa mphamvu yopotokola). Sikelo ya sipanala yangayo inkayambira cha pa 14 n'kukathera kupitirira 200, ndiye ndinangoibweza pansi pang'ono pa mzere woyamba, n'kumakoka ndikudikira kuti ilire. Mwina inalira ndithu, koma mofooka moti sindinamve. Mpini wake unali wotalika pafupifupi masentimita 45, ndipo pa utali umenewo 10 Nm imakwana ndi mphamvu yongonyamulira makilogalamu awiri ndi pang'ono. Zala ziwiri zimakwanitsa. Ine ndinali nditagwira ndi dzanja lonse, phewa likuthandizira.

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa kuti agule torque wrench ya kampani iti, ndimayamba ndamufunsa kuti njinga yake ndi yotani ndiponso akufuna kumagwira yekha ntchito ziti. Dzina la kampani limabwera pambuyo. Sipanala yapamwamba ikakhala ya msinkhu wolakwika imathyola bawuti mofanana ndi yachabechabe.

Ambirife bawuti timaiona ngati msomali wokhala ndi mazinga. Koma bawuti ndi sipuling'i yolimba kwambiri. Mukamaimanga imatamuka pang'ono, ikakhala yaifupi mwina ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kulimbana kwake kuti ibwerere mwakale ndi kumene kumapanikiza zitsulo ziwiri pamodzi. Ikatamuka mochepa, kunjenjemera kwa injini kumaimasula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mudzangopeza dzenje lopanda kanthu. Ikatamuka mopyola sibwereranso, kenako imaduka, apo ayi mazinga a m'dzenje ndi amene amagonja. Pa njinga yamoto kawirikawiri amayamba kugonja ndi mazingawo, chifukwa bawuti ndi yachitsulo pomwe injini, mafoloko ndi makalipa a mabuleki n'za aluminiyamu, yomwe ndi yofewa. Makaniko aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyi anakumanapo ndi bawuti yotsitsira oyilo imene imangozungulira osagwira, mwini wake ataimanga "kuti isatayitse".

Vuto n'lakuti kutamukako sitingakuone ndi maso. Chimene tingayeze ndi mphamvu yopotokola, yomwe ndiyo torque: mphamvu ya dzanja kuchulukitsa ndi utali wa mpini. Kilogalamu imodzi itapachikidwa kumapeto kwa mpini wa mita imodzi imapereka 9.8 Nm. Vutoli silinayambe lero. Kalekale mu 1918, Conrad Bahr, amene ankagwira ntchito ku dipatimenti ya zamadzi mumzinda wa New York, akuti anapanga chida cha mtundu umenewu pofuna kuti mabawuti a mapaipi asamamangidwe mopyola muyeso. Zaka zoposa 100 zadutsa, ndipo dzanja la munthu likadali losadalirika chimodzimodzi.

Ndiye musanapite kukagula, tengani buku la kakonzedwe ka njinga yanu, lija lokhala ndi tebulo la manambala a bawuti iliyonse. Safunsa anadya phula. Tengani pepala, mulembe ntchito zonse zimene mukuganiza kuti muzigwira nokha, ndipo pambali pa iliyonse mulembe nambala yake. Mukamaliza muona kuti manambalawo akuunjikana m'magulu. Pansi pali timabawuti ta M6 (tokhuthala mamilimita 6) tomangira zivundikiro za injini, tomwe timakhala cha m'ma 8 mpaka 12 Nm, pamodzi ndi mapulagi. Kampani ya NGK, yopanga mapulagi, imapereka 10 mpaka 12 Nm pa pulagi ya mazinga a mamilimita 10, ndi 15 mpaka 20 Nm pa ya mamilimita 12. Pakati pali mabawuti a M8, bawuti yotsitsira oyilo, mabawuti a mahandulo, a makalipa ndi opanikiza mafoloko, omwe ambiri amagwera pakati pa 20 ndi 45 Nm. Pamwamba pali manati a maekiselo ndi a sipuloketi, kuyambira cha m'ma 60 mpaka kupitirira 100 pa njinga zikuluzikulu. Njinga zina za Ducati zogwira wiro lakumbuyo mbali imodzi zimafuna 230 Nm pa nati imodzi yokha. Manambalawa ndawatchula kuti muone kutalikirana kwake. Enieni a njinga yanu ali m'buku lake, ndipo ndi okhawo oyenera kutsatira.

Taonani kutalikiranako: kuyambira 8 mpaka 100 kapena kupitirira. Palibe torque wrench ya sipuling'i imene ingagwire bwino dera lonseli. Kwa nthawi yaitali opanga akhala akulonjeza kulondola kwa zida zimenezi kuyambira pa 20 peresenti ya nambala yake yapamwamba kukafika pamwambapo. Kutanthauza kuti sipanala yothera pa 200 Nm imayamba kudalirika pa 40 Nm. Manambala a pansi pa 40 akhoza kulembedwa pa sikelo, koma sipuling'i imakhala isanakanikizidwe mokwanira, kulira kwake kumakhala kofooka, ndipo mpini wautali umakupatsani mphamvu zambiri kuposa zimene kabawuti kangapirire. Ichi ndicho chinandigwetsa ine.

Choncho munthu wokonza njinga yake amafunika ma torque wrench awiri. Yoyamba ndi yaing'ono, ya mutu wa 1/4 inchi, yoyambira cha pa 4 kapena 5 kukafika pa 20 kapena 25 Nm. Yachiwiri ndi ya mutu wa 3/8 kapena 1/2 inchi, ya 20 mpaka 100 Nm, kapena 40 mpaka 200 ngati njinga yanu ndi yaikulu. Posankha, onetsetsani kuti masikelo awiriwo akulowana pang'ono kuti pasatsale mpata pakati. Ngati yaing'ono ikuthera pa 25 ndipo yaikulu ikuyambira pa 40, mabawuti a makalipa ndi bawuti ya oyilo akhoza kugwera m'mpatamo, pomwe amenewa ndi amene mumawagwira kawirikawiri. Pamenepo ya 3/8 inchi ya 10 mpaka 60 Nm imathandiza kwambiri.

Ndipo ngati simungathe kugula ziwiri nthawi imodzi, maganizo anga ndi akuti muyambe ndi yaing'ono. Ambiri amachita zosiyana, chifukwa nati ya ekiselo ndi imene imaoneka yoopsa, ndipo sipanala yaikulu imaoneka ngati chida chenicheni. N'zoona kuti ekiselo ndi yofunika, ndipo yaikuluyo muyenera kudzaigula. Koma nati ya ekiselo ndi chitsulo pa chitsulo, yokhuthala, ndipo mumaigwira mwa apo ndi apo. Mukhoza kubwereka chida tsiku limenelo. Timabawuti ta M6 tili paliponse pa injini, tambirimbiri, tikulowa mu aluminiyamu, ndipo kusiyana kwa kumanga bwino ndi kuononga n'kwakung'ono moti dzanja silikumva.

Za mitundu yake sindichedwapo, kupatula pamene pali chosankha chenicheni. Yofala kwambiri ndi yolira ija: mumapotokola chogwirira mpaka pa nambala, ndipo mukafikapo imathyoka pang'ono n'kulira kuti khe. Ubwino wake ngwakuti simusowa kuyang'ana sikelo, ndiye imagwira ntchito ngakhale mutagona pansi pa njinga. Kuipa kwake ngwakuti siikuletsani kupitiriza. Ikalira inu n'kumakokabe, mphamvu yonse yoonjezerayo ikupita ku bawuti.

Pali ina yakale, yopanda sipuling'i: ndodo yachitsulo imene imapindika mukamakoka, ndipo kamuvi kosapindika kamaloza nambala pa sikelo. Anthu amainyoza chifukwa imaoneka yachikale, koma ine ndimaipatsa ulemu. Mulibe kanthu koti kangatope kapena kumatirira, ndipo mukaona kuti kamuvi kakuloza pa ziro isanagwire ntchito, mwadziwa kale kuti ili bwino. Imakuonetsaninso mphamvu ikukwera, moti bawuti ikayamba kugonja mumaona kamuvi kakuima pomwe dzanja likuyendabe. Ndikanakhala nayo tsiku lija, ndikanasiya isanaduke. Chovuta chake n'chakuti muyenera kuiyang'ana molunjika. Mukaiyang'ana chammbali muwerenga zolakwika, ndipo pa njinga pali malo ambiri omwe mutu wanu sungafike.

Za digito ndi zolondola kwambiri, zina mpaka 2 peresenti, ndipo zimasintha mayunitsi ndi batani. Zina zimayezanso madigiri, zomwe zimafunika pa injini zimene buku lake limati mumange kufika pa nambala yakutiyakuti kenako muzungulize madigiri 90 kapena kuposa. Koma zimadalira batire, ndipo munthu amene amakonza njinga kamodzi pa miyezi ingapo amapeza batire litatha, nthawi zina litatayikira m'kati. Ngati buku lanu silitchula za madigiri, simukutaya kalikonse pokhala ndi yolira.

Nanga yabwino mungaizindikire bwanji, popeza zonse zimanyezimira mofanana zikakhala m'bokosi? Choyamba chimene ndimafufuza ndi pepala, osati chitsulo. Torque wrench yodalirika imabwera ndi chikalata chosonyeza kuti inayesedwa, chokhala ndi nambala ya chidacho, tsiku loyesera, ndi zimene inapereka poyesedwapo. Yerekezani nambala ya pa chikalata ndi imene yadindidwa pa sipanalayo. Zikasiyana, kapena pa sipanala pakakhala palibe nambala, pepalalo ndi longokongoletsa bokosi. Muyezo wa padziko lonse wa zida zimenezi ndi ISO 6789. Pa ma torque wrench olira, umalola kuphonya kosapitirira 4 peresenti uku ndi uku, ndipo pa tating'ono tothera pa 10 Nm kapena pansi umalola 6 peresenti. Muyezowu unakonzedwanso mu 2017, ndipo tsopano chida chimayesedwa pa nambala yotsikitsitsa imene yalembedwa pa sikelo yake, kenako pa 60 peresenti ndi pa 100 peresenti. Kusinthaku n'kofunika kwa ife a njinga, chifukwa kumakakamiza wopanga kuti ayankhe za pansi pa sikelo, pomwe timagwirira ntchito kwambiri.

Kenako igwireni m'manja. Manambala akhale ozokotedwa m'chitsulo kapena otetezedwa ndi kagalasi, osati ongopakidwa utoto, chifukwa oyilo ndi zala zimafufuta utoto msanga. Onani kutalikirana kwa mizere: pa yaing'ono mukufuna kuti muzitha kutchera theka la Nm kapena pansi pake. Potokolani chogwirira kuchokera pansi mpaka pamwamba. Chiziyenda myaa, osakakamira pena n'kulobodoka pena. Loko yake igwire zolimba, chifukwa dzanja likamakoka limapotokola chogwirira mosadziwa, ndipo nambala imasuntha. Yang'ananinso kukula kwa mutu ndi mano a ratchet yake, kachipangizo ka m'mutumo kamene kamalola kubweza mpini osachotsa soketi pa bawuti. Pa njinga malo ndi opanikizika, pakati pa felemu ndi injini, ndipo mutu wonenepa sulowa. Ratchet ya mano 72 imagwira mukangosuntha madigiri 5, pomwe ya mano 24 imafuna madigiri 15, omwe nthawi zambiri simukhala nawo.

Makampani odziwika pa zida zimenezi alipo: Norbar ya ku Banbury ku England, Tohnichi ya ku Japan, Stahlwille, Hazet ndi Gedore za ku Germany, Snap-on ndi CDI za ku America. Chimene mumapeza kwa iwo si kulondola kokha pa tsiku logula, popeza zina zosatchuka zimalondolanso zikakhala zatsopano. Mumapeza chida chimene chimasunga kulondolako kwa zaka, ndiponso chotheka kukonzedwa ndi kuyesedwanso. Koma dzina lotchuka ndi limenenso achinyengo amakopera, ndiye dzina lopanda chikalata chogwirizana nalo musalikhulupirire.

Pali msampha wina umene wagwira anthu osamala kwambiri, wa mayunitsi. Mabuku ambiri amalemba Nm, koma a ku America amakonda ft-lb, ndipo akale a njinga za ku Japan amalemba kgf·m. Ft-lb imodzi ndi 1.36 Nm, kgf·m imodzi ndi 9.8 Nm. Woopsa kwambiri ndi in-lb, yomwe imalowa ka 12 mu ft-lb imodzi. Buku likati 89 in-lb likutanthauza 10 Nm. Munthu akawerenga mothamanga n'kutchera 89 ft-lb, waika 120 Nm pa kabawuti ka 10. Gulani sipanala imene sikelo yake yaikulu ili m'mayunitsi a buku lanu, kuti musamawerengere masamu manja ali oyilo yekhayekha.

Mukagula, musangoikhulupirira. ISO 6789 imalangiza kuti chida chiziyesedwanso pakatha miyezi 12 kapena chikagwira ntchito maulendo 5,000, ndipo amene amakonza njinga za anthu ena ayenera kutsatira zimenezi. Kwa ife a panyumba pali njira yoonera ngati yasokonekera kwambiri. Panikizani kamutu kake ka makona anayi mu vayisi, mpini ugone mopingasa. Yezani kuchokera pakati pa kamutuko kufika pakati pa chogwirira, pomwe nthawi zambiri pamakhala kamzere. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 30. Mangani chingwe pa kamzerepo, mupachike katundu wolemera makilogalamu 10. Malita 10 a madzi amalemera chomwecho, mukangoonjezerapo kulemera kwa chigubu. Masamu ake ndi 10 kuchulukitsa ndi 9.81 kuchulukitsa ndi 0.3, zomwe zikupereka 29.4 Nm. Mukatchera pa 28 n'kutsitsa katunduyo pang'onopang'ono iyenera kulira, mukatchera pa 31 isalire. Kulemera kwa mpini weniweniwo kumaonjezerako pang'ono, ndiye njirayi singalowe m'malo mwa makina oyesera, koma sipanala yophonya ndi 15 peresenti imaonekera poyera. Ndimachita zimenezi kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse ikagwa pansi.

Tsopano pali chinthu chimene ngakhale torque wrench yolondola kotheratu singakuchitireni, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza kale. Pa mphamvu yonse imene mumaika pa mpini, pafupifupi magawo 9 pa 10 amathera pa kukhulana kwa zitsulo: cha m'ma theka pansi pa mutu wa bawuti, ena m'mazinga. Gawo limodzi lokha ndi limene limatamula bawuti. Ndiye chilichonse chosintha kukhulanako chimasintha kwambiri zotsatira zake. Mazinga adzimbiri kapena odzaza zinyalala amachititsa sipanala kulira bawuti isanagwire mokwanira. Mazinga opakidwa oyilo kapena girisi amaterera, ndipo pa nambala yomweyo bawuti imatamuka mopyola. N'chifukwa chake buku labwino limanena ngati mazinga akhale ouma, apakidwe oyilo wa injini, kapena adonthezedwe mankhwala omatira ngati Loctite. Mawu amenewo ndi mbali ya nambalayo. A NGK amachenjezanso kuti mapulagi awo okutidwa kale asapakidwe mafuta oletsa kumatirira, chifukwa amatha kusokoneza muyeso mpaka ndi 20 peresenti. Tsukani mazinga, lowetsani bawuti ndi zala kaye mpaka itakhala, ndipo ikakana kulowa ndi zala fufuzani chifukwa chake musanatenge chida chilichonse.

Kagwiridwe nakonso kali ndi mbali yake. Gwirani pakati pa chogwirira, kokani mofatsa ndi mosadukiza, ndipo ikalira kamodzi siyani. Kubwereza kachiwiri ndi kachitatu "kuti mutsimikize" kumangoonjezera mphamvu. Pamene pali mabawuti ambiri pa chinthu chimodzi, monga mutu wa injini kapena disiki ya mabuleki, mangani modumphanitsa mbali ndi mbali, ndiponso m'magawo, osati imodzi mpaka kumapeto ina isanayambe. Mukalumikiza kasipanala kotalikitsa kutsogolo kwa mutu, mpini watalika ndipo nambala yasintha: pa mpini wa masentimita 30 ndi chotalikitsa cha masentimita 5, kuti bawuti ilandire 35 Nm mutchere pa 30. Mukakaika mopingasa, pa madigiri 90, nambala sisintha. Musamasulire mabawuti ndi torque wrench. Ntchito imeneyo ndi ya sipanala wamba. Ndipo mukamaliza, bwezani yolira ija pa nambala yake yotsikitsitsa kuti sipuling'i ipume, koma osapitirira pamenepo, chifukwa zam'kati zimatha kusuntha m'malo mwake. Zina, monga Manoskop ya Stahlwille, zinapangidwa mosadalira sipuling'i yotere ndipo sizifuna kubwezedwa, zomwe zimathandiza munthu woiwalaiwala.

Thunthu la bawuti ija linanditengera madzulo awiri. Ndinaphimba injini yotsegula ndi nsalu kuti tizidutswa tachitsulo tisagwere m'kati, ndinakhoma kadontho pakati penipeni pa thunthulo, kenako ndinaboola pang'onopang'ono ndi kachitsulo koboolera kozungulira chakumanzere. Nditaboola pang'ono kanagwira, ndipo thunthulo linayamba kutuluka lokha. Mazinga a mu aluminiyamu anapulumuka, ndipo ndinapuma mpweya wautali. Mabawuti ena awiri aja ndinawataya ngakhale ankaoneka abwino, chifukwa nditawaika pafupi ndi atsopano ndinaona kuti apyapyala pang'ono pansi pa mutu.

Nditabwera ndi torque wrench ya 1/4 inchi, ndinaitchera pa 10, n'kugwira ndi zala zitatu. Inalira msanga kwambiri moti ndinaganiza kuti yaonongeka, ndipo ndinapita nayo pa vayisi kukaiyesa ndi chigubu cha madzi. Inali bwinobwino. Ndinabwerera, n'kumanga onse modumphanitsa, iliyonse khe kamodzi, dzanja likufunabe kuonjezera koma ine ndikulikaniza. Ndinaliza injini mpaka itatentha, n'kupititsa chala m'mphepete monse mwa gasiketi. Chinabwerako chouma.